Ndinalipira makina osokera, koma ndinawasiya m'shopu ya wogulitsa

Ndine telala, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndakhala ku Johannesburg zaka zoposa 10. Nkhani iyi ndakhala ndikuisunga mumtima, ngakhale anzanga a chipereganyu saidziwa yonse. Chandichititsa kuilemba n'chakuti mwezi wathawu mnyamata wina wa kwathu anandiimbira foni ali wosangalala kuti wapeza saluni yogula ku Rosettenville, mipando ndi magalasi omwe, koma mwini wake wapempha kuti apitirize kugwiriramo ntchito mpaka mwezi uthe. Nditamva zimenezo thupi lonse linazizira, chifukwa pempho lomwelo ndi limene ine ndinavomera, ndipo linandidyera ndalama za zaka zitatu.

Ndinagwira ntchito zaka 6 m'shopu ina yosoka zovala m'kati mwa tauni, mbali imene kwadzaza matelala ndi ogulitsa nsalu. Tinkasoka mayunifolomu a sukulu, madiresi a shweshwe a paukwati, ndi maovololo a anthu ogwira ntchito. Abwana anga anali munthu wachikulire, wofatsa. Bambo anga atamwalira ndi iwo amene anandigulira tikiti ya basi pa Park Station, ndipo sanandidule pa malipiro. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake ndinkawakhulupirira ngati kholo.

Tsiku lina mu Novembala, anyamata ena ataweruka, anandiitanira ku tebulo lodulirapo nsalu. Anati atopa, maso sakuonanso bwino, akufuna kusiya bizinesi, ndipo asanauze munthu wakunja aganiza zoyamba ndi ine. Anandionetsa zonse zimene akugulitsa: makina atatu a Juki a magetsi, maovaloko awiri (makina osoka m'mphepete mwa nsalu kuti isasosoke), simbi ya nthunzi ndi boyila yake, tebulo lalikulu lija, ndi mipukutu ya nsalu imene inali m'mashelefu. Zonse pamodzi R48,000. Aliyense wodziwa mitengo ya makina amenewa angavomereze kuti anandichitira mtengo wabwino. Usiku umenewo sindinagone. Ndinkaona kale dzina langa pa chikwangwani.

Ndinali ndi R30,000 ya chipereganyu ndi zimene ndinkasunga kuti timalizire nyumba kumudzi. Ndinakambirana ndi mayi akunyumba pa foni, anavomera kuti malata adikire kaye. Yotsalayo, R18,000, ndinabwereka kwa alamu anga amene amagwira ntchito ku Cape Town. R30,000 ija ndinatumiza kudzera ku banki, koma ya alamu ndinaitapa n'kukapereka pamanja, chifukwa abwana anati akufuna kulipira anyamata malipiro a mwezi umenewo. Anatenga buku la malisiti limene tinkalembera makasitomala, n'kulembapo kuti makina ndi katundu zalipiridwa zonse, anasaina, inenso ndinasaina. Sitinalembe nambala ya makina ngakhale imodzi. Panalibe mboni. Makina aliwonse a mtundu umenewu amakhala ndi nambala yakeyake pa kachitsulo kapena podinda pa mutu wake, ndipo kuikopera sikutenga mphindi ziwiri. Ndinali nditakhala pamakina amenewo zaka 6 osaiyang'anapo.

Titangosaina, abwana anati ali ndi pempho limodzi. Sukulu za kuno zimatsegulira mu Januwale, ndipo anali atalandira kale maoda a mayunifolomu ndi ndalama za chikole kwa makolo. Anapempha kuti makina akhale pomwepo mpaka kumapeto kwa Januwale, amalize maodawo, ine ndipitirize kulandira malipiro anga, kenako ndidzatenge zonse. Kwa ine zinaoneka zondikomera. Ndinalibe malo oika tebulo lalikulu ngati lija, ndinkakhala m'chipinda chimodzi ku Turffontein, ndipo ndinali ndisanapeze shopu ya lendi. Ndinavomera ndi mtima wonse. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinatenga ndi ovaloko imodzi yakale, imene sinkagwiritsidwa ntchito kwambiri, kuti ndizisokera anthu kunyumba Loweruka ndi Lamlungu nyengo ya Khirisimasi.

Tsono taganizirani mmene shopu ija inkaonekera kwa munthu wodutsa pakhomo. Chikwangwani chomwecho, abwana pa mpando wawo womwewo akulandira ndalama, ine pamakina anga a nthawi zonse pafupi ndi zenera. Palibe chimene chinasintha. Amene ankadziwa kuti katunduyo wagulitsidwa tinali awiri okha, ndi kapepala kamene ndinakapinda n'kuika m'pasipoti.

Zizindikiro zinalipo, ine ndi amene sindinafune kuziona. Mu Disembala munthu wa kukampani imene tinkatengako nsalu pa ngongole anabwera kawiri, ulendo wachiwiri analankhula mokweza mpaka makasitomala anatuluka. Maenvelopu ankabwera, abwana n'kumawaponya m'dirowa osatsegula. Woyang'anira nyumba ankaima pakhomo n'kumafunsa kuti abwana alipo, iwo atabisala kuchipinda choyezera zovala. Ndinkaona zonsezi n'kumadziuza kuti ngongole zawo ndi zawo, ine zanga ndalipira kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndikanangofunsa funso limodzi, kuti bwana, kodi muli ndi ngongole kwa ndani ndipo ndi zingati, mwina akanandiuza, chifukwa sanali munthu wabodza. Anali munthu wamanyazi amene ankaganiza kuti ndalama za mayunifolomu zitseka mabowo onse.

Januwale anatha. Anapempha milungu ina iwiri, akuti sukulu ina yawonjezera oda. Febuluwale anathanso. Ine ndinali nditapeza kashopu ku Jeppe, koma kanali koti katsegukire pa 1 Epulo, ndiye sindinaone chifukwa chowakakamizira.

Mu Malichi, m'mawa wina chakuma 10, analowa bambo wina ndi mnyamata wonyamula faelo. Anafunsa abwana ndi dzina lawo lonse, n'kuonetsa chitupa chakuti ndi ochokera kwa sherifu. Anali ndi chikalata cha khoti la majisitireti chowalola kugwira katundu, chifukwa kampani ya nsalu ija inali itasuma, abwana sanayankhe samani, ndipo chigamulo chinaperekedwa iwo kulibe. Mnyamata uja anayamba kulemba chilichonse. Anafika pamene ndinakhala ine, ndili pakati posoka kolala ya shati yoyera, singano ili m'nsalu. Anawerama n'kuwerenga nambala ya makina mokweza, mnzake akulemba. Aka kanali koyamba kuti ndiimve nambala ya makina anga, ndipo ndinaimva pakamwa pa munthu wodzawalanda.

Ndinaimirira n'kunena kuti bwana, makina awa ndi anga, ndinagula mu Novembala. Ndinatulutsa lisiti lija manja akunjenjemera. Bamboyo analiwerenga mwaulemu, n'kundibwezera. Anati iye si woweruza. Katunduyo wamupeza m'malo a munthu amene walembedwa pa chikalata, ndiye ayenera kumulemba. Ngati ndikunena kuti ndi wanga, ndilembe kalata yolumbira yofotokoza dzina langa, nambala ya chitupa, kumene ndimakhala, ndi umboni wakuti katunduyo ndi wanga, ndikaipereke ku ofesi yawo pasanathe masiku 10. Anandichenjezanso kuti kuyambira nthawi imeneyo, kuchotsa kanthu kalikonse kamene kalembedwa ndi mlandu. Abwana anangokhala pa mpando atazolika, osatulutsa liwu. Nditawayang'ana anati pepa mwana wanga, basi.

Madzulo ake mnzanga wina amene ali ndi bakkie, galimoto yaing'ono yonyamula katundu, anandiuza kuti tipite usiku tikanyamule, poti makiyi a shopu ndinali nawo. Sindibisa, ndinavala nsapato. Amene anandiletsa ndi bambo wina wachikulire wa ku Dedza amene timapemphera naye limodzi, amene ndinamuimbira kuti atithandize kunyamula. Anati achimwene, lero muli ndi vuto la ndalama, mukapita kumeneko mawa mudzakhala ndi vuto la apolisi, ndipo mapepala anu okhalira m'dziko muno adzakhala pa chiswe. Ndinavula nsapato zija n'kukhala pa bedi, ndikulira ngati mwana. Mpaka lero ndimawathokoza bambo amenewo. Ngati zoterezi zakugwerani, katundu wolembedwa ndi sherifu musamukhudze, ngakhale mukudziwa mumtima kuti ndi wanu.

Kalata yolumbira ndinailemba ndekha, n'kukalumbira ku polisi, kumene salipiritsa. Ndinaphatikizapo lisiti ndi pepala la ku banki loonetsa R30,000. Ndinali ndi chikhulupiriro kuti nkhani yatha, chifukwa kwa ine choonadi chinali poyera. Patadutsa milungu iwiri ndinauzidwa kuti maloya a kampani ya nsalu akana kuvomereza kuti katunduyo ndi wanga. Zikatero sherifu amatengera nkhaniyo ku khoti kuti majisitireti agamule mwini wake ndani, ndipo mlandu woterewu amautcha interpleader. Nthawi yomweyo eni nyumba, atamva kuti katundu wagwidwa, nawonso anathamangira ku khoti chifukwa abwana anali ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu. Kumapeto kwa Malichi lole inabwera n'kunyamula zonse kupita nazo kosungira katundu kwa sherifu. Shopu inatsekedwa. Ndinataya makina ndi ntchito m'sabata imodzi yomweyo. Kashopu ka ku Jeppe ndinakabweza, ndipo pa dipoziti ya R3,000 imene ndinapereka anandibwezera theka.

Loya woyamba amene ndinapitako ananditengera R800 pa kucheza kwa mphindi zosakwana 30, ndipo ndalama zimene anatchula kuti andiimire ku khoti zinali zoposa mtengo wa makina amodzi. Kenako munthu wina anandilozera ku ofesi ya pa yunivesite ina kumene maloya ndi ophunzira zamalamulo amathandiza anthu osauka kwaulere. Kulinso bungwe la boma la Legal Aid South Africa. Ndikanadziwa, ndikanapita kumalo oterewa mu Novembala ndisanapereke ndalama, osati mu Epulo zitavuta kale.

Mayi amene anandithandiza kumeneko anali wodekha. Anayala lisiti langa pa tebulo, n'kulisalaza ndi chala chifukwa linali litapindika, analiwerenga kawiri. Kenako anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere. Sanafunse kuti munalipira liti. Anafunsa kuti bambo, makinawa munawatenga liti? Ndinati sindinawatenge. Anatseka maso pang'ono, n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono, akujambula pa pepala.

Anati m'malamulo a South Africa, kugwirizana mtengo ndi kulipira sikokwanira kuti katundu wonyamulika akhale wako. Umwini umasuntha katunduyo akaperekedwa m'manja mwa wogula. Ilipo njira imene lamulo limalola kuti wogulitsa apitirize kusunga katundu m'malo mwa wogula, ndipo anaitchula m'Chilatini kuti constitutum possessorium, koma makhoti amaiyang'ana ndi diso lokayikira kwambiri. Chifukwa chake n'chomveka ukachiganizira. Munthu wa ngongole zambiri akhoza kungolemberana kapepala ndi mbale wake kuti ndakugulitsa zonse, n'kupitiriza kugwiritsa ntchito katunduyo ngati kale, okongoza akabwera n'kunena kuti pano palibe changa. Ndiye lamulo limayamba ndi kuganiza kuti amene ali ndi katundu m'manja ndiye mwini wake, ndipo iwe wodzanena kuti ndi wako ndi amene uyenera kubweretsa umboni. Umboni wanga unali lisiti lopanda nambala za makina, lopanda mboni, ndalama za ku banki zosafanana ndi mtengo wolembedwa, komanso ine ndinali wantchito wa munthu wangongoleyo. Anati amandikhulupirira, koma ndiyang'ane nkhaniyi ndi maso a majisitireti amene sakundidziwa. Nditaiyang'ana choncho ndinaona ndekha kuti ikufanana ndendende ndi chinyengo chimene lamulolo linaikidwira.

Ndinafunsa kuti ndiye ndikananyamula tsiku lomwelo ndikanapulumuka? Anati zikanathandiza kwambiri, koma pali khomo lachiwiri. Anatsegula lamulo lotchedwa Insolvency Act la 1936, gawo 34. Gawo limeneli limanena za munthu wamalonda amene akugulitsa bizinesi yake, kapena katundu amene ndi mbali ya bizinesiyo, mosiyana ndi malonda ake a tsiku ndi tsiku. Telala akagulitsa diresi, amenewo ndi malonda a tsiku ndi tsiku. Akagulitsa makina onse ndi nsalu zonse, ndiye kuti gawo 34 lamukhudza. Ayenera kulengeza m'nyuzipepala ya boma ya Government Gazette, komanso kawiri m'nyuzipepala ya Chingerezi ndi kawiri m'nyuzipepala ya Afrikaans zimene zimawerengedwa m'dera limene kuli bizinesiyo. Chilengezocho chituluke masiku osachepera 30 komanso osapitirira 60 katundu asanasinthe manja. Akapanda kutero, kwa miyezi 6 malondawo amaonedwa ngati sanachitike pamaso pa anthu amene wogulitsayo ali nawo ngongole. Iwo akhoza kutsatira katunduyo ngakhale ali m'nyumba mwako, ngakhale unalipira zonse ndi mtima woyera. Ndipo ngati wokongoza anali atasuma kale ku khoti la deralo malondawo asanachitike, kwa iyeyo malondawo alibe mphamvu ndithu pa nkhani ya ngongole yakeyo.

Apa ndi pamene ndinakumbukira ovaloko imene inali kunyumba. Ndinawauza mayi aja mwamantha. Anawerenga miyezi pa zala, kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka kumapeto kwa Meyi. Anayang'ananso deti la samani ya kampani ya nsalu n'kupeza kuti inatuluka mu Disembala, malonda athu atachitika kale. Anati ovalokoyo sinalembedwe ndi sherifu, ndiye kukhala nayo si mlandu, koma ndisaigulitse, ndisaibise, ndipo wina akandifunsa ndinene zoona. Milungu imeneyo ndinkadzidzimuka munthu akagogoda pa chitseko. Palibe anabwera, ndipo Meyi atatha ndinapuma.

Khomo lachitatu linali la eni nyumba. Kuno lamulo limapatsa mwini nyumba ufulu wogwira katundu wonyamulika amene ali m'nyumba yake ngati lendi sinalipiridwe. Nthawi zina ufuluwo umafika ndi pa katundu wa munthu wina, ngati mwini katunduyo anamusiya mmenemo mwakufuna kwake kuti wa lendi azigwiritsa ntchito, eni nyumba osauzidwa. Kalata ya mizere itatu yopita kwa eni nyumba mu Novembala, yonena kuti makina akutiakuti a nambala zakutizakuti ndi anga tsopano, ikanandiika pabwino. Sindinailembe chifukwa abwana anandipempha kuti eni nyumba asadziwe kaye kuti akutseka. Lero ndimaona kuti pempho lililonse lakuti malonda akhale achinsinsi linkatchinjiriza iwo, n'kundisiya ine pamtetete.

Ndinafunsa chifukwa chake anthu ambiri salengeza, poti ndaona mashopu ambiri akusintha eni popanda nyuzipepala. Anati kulengeza kumafuna ndalama, komanso gawo lomwelo limanena kuti chilengezo chikangotuluka, okongoza akhoza kufuna ndalama zawo nthawi yomweyo ngakhale tsiku lobweza lisanakwane. Wogulitsa amene ali m'mavuto safuna zimenezo. N'chifukwa chake wogula ndi amene ayenera kuumirira, popeza wopsa ndi iyeyo. Ngati kulengeza kwakanika, pali njira zina zimene ogula ochenjera amatsata. Ena amasungitsa mbali ya ndalama kwa loya mpaka miyezi 6 ithe. Ena amauza wogulitsa kuti alembe onse amene ali nawo ngongole, n'kuwalipira iwo mwachindunji kuchokera pa mtengo wa katundu, aliyense n'kupereka kalata yakuti walandira zake. Pa ine, ngongole ya nsalu ndi ya lendi pamodzi zinali zochepera R48,000 imene ndinapereka. Ndikanapita ndi abwana ku kampani ija ndi kwa eni nyumba, ndalama zomwezo zikanatseka zonse, makina n'kukhala anga popanda wondivuta. Mfundo imeneyi ndi imene imandipweteka kuposa zonse. Ndalama zanga zinapita ku malipiro a anyamata, ku ngongole ina ya katapila imene sindinkaidziwa, ndi ku chipatala.

Anandiuzanso kuti munthu asanagule makina kapena zipangizo za bizinesi afunse ngati wogulitsa anamaliza kulipira kumene anazigula, chifukwa katundu wogula molipira pang'onopang'ono nthawi zambiri amakhala akadali wa banki kapena wa sitolo. Afunsenso ngati sanamuike chikole, poti kuno chikole cha katundu wonyamulika chimatha kulembetsedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo ndi zikole. Kwathu ku Malawi nakonso kuli lamulo la 2013 la chikole cha katundu wonyamulika, ndipo kuli kaundula wake wa boma. Malamulo a kwathu ndi a kuno si amodzi, koma amene mukugula chigayo kapena makina kumudzi, fufuzani kumeneko musanatulutse ndalama.

Ku khoti ndinapita kawiri. Ulendo woyamba tinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka masana, mlandu n'kuimitsidwa kuti mapepala ena akwane. Tsiku limenelo ndinataya ganyu ya R350. Ulendo wachiwiri, tisanalowe, mayi aja ananditengera pambali m'khonde. Anandiuza mosabisa kuti mwayi wopambana ndi wochepa kwambiri, ndipo ndikaluza khoti likhoza kundilamula kulipira ndalama zimene mbali inayo yawononga pa mlanduwo, pamwamba pa zimene ndataya kale. Komanso tsiku lililonse limene makina ali kosungira, ndalama zosungira zikukwera ndipo zidzachotsedwa pa mtengo wake. Maloya a mbali inayo anali atavomera kuti ndikachotsa dandaulo langa, aliyense alipire zake. Anati chisankho ndi changa. Ndinapempha mphindi zochepa, ndinatuluka panja n'kuimbira mayi akunyumba. Ndinali ndisanawauze zonse, ndinkangoti zinthu zachedwa. Ndinawauza tsiku limenelo, nditaima pa msewu magalimoto akudutsa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati abambo, musaonjezere bala pa bala, sainani mubwerere ku ntchito, nyumba tidzafolera chaka china. Ndinalowa n'kusaina.

Kuuza alamu kunali kovuta kuposa pamenepo. Ndinazengereza mwezi wathunthu, ndipo kuzengerezako kunali kulakwa kwina, chifukwa anamva kwa munthu wina. Anandiimbira atakwiya, osati chifukwa cha ndalama, koma chifukwa chowabisira. Tinagwirizana kuti ndizibweza R1,000 pa mwezi. Ubale wathu unatenga nthawi kuti ubwerere mwakale.

Ndinaganizapo zowasumira abwana. Ku Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, sikufunika loya, koma pa nthawiyo malire ake anali R20,000, kutanthauza kuti yotsalayo ndikanaisiya. Ngakhale ndikanapambana, munthuyo analibe kanthu koti sherifu akagwire. Anali atasamukira kwa mwana wawo wamkazi. Mayi a ku ofesi ya maloya aja anatilembera kalata yovomereza ngongole, abwana anasaina pamaso pa mboni ziwiri popanda kutsutsa. Iyi ndi kalata yoyamba yolongosoka imene ine ndi iwo tinasainirana, ndipo inabwera katundu atapita kale.

Mu Juni ndinamva tsiku la okushoni. Anzanga anandiletsa kupita, akuti ndikangodzipweteka mtima. Ndinapita, nditabwereka R5,000 ku chipereganyu. Munali m'shedi yaikulu yozizira, mafiriji, masofa ndi matayala zili mbwee. Makina athu anali pakona atachita fumbi, aliwonse atamatidwa kapepala ka nambala. Anga ndinawazindikira ndili patali, chifukwa pa thabwa lake pali tepi yoyezera imene ndinamata ndekha ndi guluu, ndipo pa chopondera pali malo othetheka mbali ya kumanja pamene phazi langa linkakhala. Ulusi woyera wa kolala ija unali ukadali pamwamba. Ogula ambiri anali anthu ogulitsa makina akale, odziwana okhaokha. Tebulo lalikulu linapita pa mtengo umene sungagule nawo ngakhale matabwa ake. Nsalu zinapita mulu umodzi. Atafika pa makina anga ndinakweza dzanja, munthu wina anakweza, ndinakwezanso, mtima ukugunda ngati ng'oma. Anandisiyira pa R4,200. Ndinalipira kachiwiri makina amene ndinali nditalipira kale.

Ndikawerengera zonse, pa R48,000 ija chimene chinatsala m'manja mwanga ndi ovaloko yakale yokha. Kuonjezapo R800 ya loya woyamba, R1,500 ya dipoziti, R4,200 ya pa okushoni, R400 ya galimoto, ndi miyezi itatu yopanda malipiro okhazikika, imene ndinkayenda m'mashopu a anzanga kupempha ganyu yopinda mabuluku. Kuchokera tsiku limene sherifu analowa mpaka tsiku la okushoni panadutsa miyezi itatu ndi masiku angapo, ndipo nthawi yonseyo ndinaonda moti lamba ndinabowola kawiri.

Tsiku la okushoni lija, munthu wa pa tebulo lolipirira anandiuza kuti ndikhoza kudzatenga makinawo mawa lake m'mawa ngati ndilibe galimoto. Ndinakana. Ndinaimbira mnzanga wa bakkie uja, ndinamudikira maola awiri nditakhala pansi pambali pa makinawo, dzanja lili pa thabwa lake. Pa lisiti ndinawapempha kuti alembe nambala ya makina, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anailemba. Tinafika ku Turffontein kutada, tinakweza makinawo masitepe anthu atatu, n'kuwaika pakati pa bedi ndi zenera pamene panali mpando.

Ndi pamenepo pamene ndikusokera mpaka pano. Alamu ndatsala nawo R4,000. Abwana amanditumizira R300, nthawi zina R500, mwezi umene akwanitsa, ndipo ndimalemba m'kabuku. Mnyamata wa saluni uja ndinapita naye Loweruka lapitali kukaonana ndi mwini wake. Tinapempha kuona malisiti a lendi a miyezi itatu yapitayi, mayina a onse amene ali nawo ngongole, ndi nambala ya foni ya eni nyumba. Mwini saluniyo anati atipatsa Lachiwiri. Ndalama zikadali ku banki.